Nyimbo yotsimphina ndi kabokosi ka pansi pa phazi

Kabokosika kanafika kwathu ku Chilomoni katakulungidwa m'bulangete. Anabwera nako ndi alamu anga pochokera ku Johannesburg, ndipo pondipatsa anandiuza mosabisa kuti sakudziwa ntchito yake, angogula chifukwa mnyamata wa m'sitolo anawatsimikizira kuti woyimba gitala aliyense amakafuna. Ndinathokoza ndi manja awiri, ndinakaika pamwamba pa wadilopu, ndipo kanakhala pamenepo miyezi itatu kakusonkhanitsa fumbi. Nthawi imeneyo n'kuti nditayimba gitala zaka 15, kutchalitchi, m'maukwati ndi m'mabandi awiri amene anatha chifukwa cha ndalama. Sindinkaona chimene kachitsulo kokhala ndi timabatani kangandiphunzitse.

Kwa amene simunakaonepo, kabokosika dzina lake ndi multi-effects processor, ndipo ndi kompyuta yaing'ono imene imakhala pakati pa gitala ndi sipika. Mawu a gitala amalowa mbali imodzi, mkatimo amasandutsidwa manambala, amakonzedwa, n'kutuluka mbali inayo atasintha. Kale chosinthira mawu chilichonse chinali ndi bokosi lakelake: lina la delay, lobwereza mawu ngati mukufuula kuphiri, lina la reverb, lopangitsa kuti muzimveka ngati muli m'tchalitchi chachikulu chopanda anthu, lina la distortion, lokalipitsa gitala. Makampani monga Boss, Zoom ndi Line 6 anasonkhanitsa zonsezi m'bokosi limodzi. Mumasankha zimene mukufuna, mumaziyala mondondozana, mumasunga, ndipo chosungacho oyimba amachitcha patch. Ambiri mwa mabokosi amenewa alinso ndi looper, ndipo nkhani yanga yagona pamenepa.

Ntchito ya looper ndi yosavuta kufotokoza. Mukaponda koyamba, imayamba kujambula. Mukapondanso, imasiya kujambula ndipo nthawi yomweyo imayamba kuyimba zimene mwajambulazo mobwerezabwereza. Mukaponda kachitatu, mumawonjezera mawu ena pamwamba pa oyamba aja. Basi. Yangayi imajambula masekondi 30 okha, ndipo ilibe batani lobwezera m'mbuyo. Chimene chalowa chalowa, ngati mchere m'ndiwo.

Ndinayeserera masiku anayi kuchipinda, n'kudziona kuti ndakhwima. Loweruka lake kunali ukwati wa mwana wa mkulu wina wa mpingo, ndipo anandipempha kuti ndisangalatse anthu pomwe akudikira akwati kuchokera kojambulitsa zithunzi. Woyimba ng'oma anali asanafike, wa kiyibodi anali atapita kukasaka mafuta a jenereta. Ndinati lero ndiye lero. Ndinayala makodi anayi a kwela, ndinaponda, ndinawonjezera besi, ndinagogoda thupi la gitala kuti limveke ngati ng'oma, ndipo holo yonse inatembenuka kufuna kuona kumene bandi yabisala. Amayi angapo anadzuka, anamanga zitenje, n'kuyamba kuvina.

Sanavine nthawi yaitali. Pakatha masekondi asanu ndi atatu alionse, mapazi awo ankasokonezeka onse pamodzi, ngati pali mwala wosaoneka pakati pa holo. Oomba m'manja nawonso ankaphonya pamalo omwewo. Kenako azakhali ake a mkwati, mayi wamkulu wovala duku lofiira, anabwera pafupi nane n'kundinong'oneza mwaulemu wonse: "Achimwene, nyimbo yanuyi ndi yokoma, koma ikutsimphina."

Ankanena zoona. Ndinachedwa kuponda kachiwiri, mwina ndi kachigawo kakang'ono chabe ka sekondi. Munthu akachedwa choncho mu bandi, anzake amamudikira osadziwa n'komwe kuti amudikira, ndipo nyimbo imapitirira. Looper sidikira munthu. Inatenga kuchedwa kwangako n'kumakubwezera kwa anthu mkombero uliwonse, mokhulupirika, mpaka ndinazimitsa. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti zaka zonse zija biti sindinkaisunga ndine. Ankandisungira ndi anyamata a ng'oma, ine ndinkangotsamira pa iwo.

Choncho ndinayamba kuphunzitsa phazi, ngati mwana woyamba sukulu. Cholakwa changa chinali chakuti ndinkaponda pothera pa nyimbo, ndikamva kuti ndamaliza. Koma mkombero ulibe pothera. Kuponda kwachiwiri kuyenera kugwera ndendende pa biti yoyamba ya mkombero wotsatira, dzanja likuyimbabe ngati palibe chimene chachitika. Ndinaphunziranso kuti ndisamayambe kujambula ndikangogwira gitala: ndiyambe ndayimba kawiri kapena katatu, thupi lilowe m'nyimbo, phazi lizigunda pansi kale, kenako kugunda kumodzi kungogwera pa batani. Ndinasiya ngakhale nsapato zanga za ku ukwati zosongoka zija, chifukwa sindinkamva nazo pamene batani lagwira. Masiku ano ndimayimba ndi nsapato zopyapyala pansi, ndipo kunyumba ndimaponda ndi phazi losavala.

Masekondi 30 aja anandiphunzitsanso masamu amene ndinkawathawa kusukulu. Nyimbo yothamanga pa mabiti 120 pa mphindi, bala imodzi ya mabiti anayi imatenga masekondi awiri. Mabala 8 ndi masekondi 16, amakwana bwino. Mabala 16 ndi masekondi 32, sakwana. Reggae yodekha ya mabiti 75, mabala 8 amadya masekondi 25.6, ndiye kuti mwatsala pang'ono kugunda khoma. Poyamba malire amenewa ankandikwiyitsa. Pambuyo pake ndinaona kuti nyimbo zambiri zimene ndinakula nazo zimazungulira pa mabala awiri kapena anayi okha, ndipo palibe amene anadandaulapo kuti ndi zazifupi.

Nzeru yobwereza mawu ndi makina si ya dzulo. Mu 1963 Terry Riley, wopeka nyimbo wa ku America, ali ku Paris, ankagwiritsa ntchito makina awiri a tepi: oyamba akujambula, tepiyo n'kudutsa kupita ku achiwiri amene ankayimba zojambulidwazo n'kuzibwezera kwa oyamba aja. Oyimba a ku England, Robert Fripp ndi Brian Eno, anachita zofanana pogwiritsa ntchito makina awiri a tepi a Revox, ndipo chimbale chawo chinatuluka mu 1973. Boss inatulutsa RC-20 Loop Station mu 2001, ndipo kuyambira pamenepo zinthu zimene zinkafuna tebulo lonse zinayamba kukwana m'chikwama. Pofika 2017 Ed Sheeran anatseka chikondwerero cha Glastonbury ali yekhayekha pa siteji ndi gitala ndi looper. Zonsezi n'zoona, koma ine sizinandidabwitse kwambiri, chifukwa munthu mmodzi womveka ngati gulu si chachilendo kwa ife. Daniel Kachamba wa ku Chileka ankayimba gitala imodzi koma mumamva besi, makodi ndi nyimbo yeniyeni zikuyenda pamodzi. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay amakhala pa babatoni yake, ndodo kudzanja lina, botolo kudzanja linalo, phazi likugunda ng'oma. A Madalitso Band ndi anthu awiri okha koma amadzaza bwalo. Ndipo Faith Mussa anatenga looper yeniyeniyo n'kuiphatikiza ndi zoyimbira zathu. Makina anangobwera kudzakumana ndi chizolowezi chimene chinalipo kale.

Phazi litayamba kumvera, panabuka vuto lachiwiri, ndipo ili ndi limene ndimafuna woyimba aliyense alimvetse. Looper imakopa. Mukawonjezera gawo limodzi n'kumva kukoma, mumafuna lina, kenako linanso. Pofika gawo lachisanu ndi chimodzi nyimbo yasanduka phala, simungathenso kusiyanitsa besi ndi makodi, ndipo mukayamba kuyimba ndi pakamwa mawu anu alibe pokhala. Chifukwa chake n'chakuti magawo onsewo akuchokera m'gitala imodzi, choncho akulimbirana malo amodzi m'khutu.

Yankho sindinalipeze pa YouTube. Ndinalipeza kumudzi kwa mayi anga, nditakhala pakhonde, ndikuyang'ana atsikana awiri akusinja chimanga mu mtondo umodzi. Musi wa wina ukatsika, wa mnzake uli m'mwamba. Palibe amene amalowa pamene mnzake walowa kale, apo ayi misi igundana ndipo wina avulala. Akabwera wachitatu, safuna mtondo wina, amangopeza mpata umene awiri aja asiya. Oyimba mangolongondo amachitanso chimodzimodzi: amakhala moyang'anizana, wina akumenya m'mipata ya mnzake, ndipo khutu limamva nyimbo yothamanga imene palibe mmodzi wa iwo akuyiyimba yekha. Nditabwerera ku Blantyre ndinasintha kayalidwe konse. Gawo loyamba ndimaliyimba losadzaza dala, lokhala ndi mabowo. Lachiwiri limalowa m'mabowomo. Ndikafika magawo anayi ndimaleka, ngakhale chala chikuyabwa.

Apa m'pamene multi-effects imaposa looper wamba, chifukwa gawo lililonse mungalipatse nkhope yake. Ndili ndi ma patch anayi oyandikana, kuti phazi lisayende ulendo wautali. Yoyamba ndi ya ng'oma: compressor yolimba (yofananitsa mphamvu ya mawu aakulu ndi aang'ono), mawu apakati ochepetsedwa, kuti ndikamenya mawaya otsekedwa ndi chikhatho zimveke ngati maseche ndi ng'oma yaing'ono. Yachiwiri ndi ya besi, yotsitsa mawu ndi octave imodzi. Waya wokhuthala kwambiri wa gitala amalira pa 82 Hz (kunjenjemera ka 82 pa sekondi), wa besi pa 41 Hz, theka lenileni, choncho makinawo amangogawa pawiri. Koma amasokonezeka mukawapatsa mawaya awiri nthawi imodzi, amayamba kulira ngati chule wa m'dambo; muyenera kuyimba waya mmodzimmodzi, ndi chala chachikulu, mutatsitsa toni ya gitala. Yachitatu ndi ya makodi, ndipo ndinaidula mawu onse apansi kuti isaponde besi. Payokha imamveka yowonda, yosasangalatsa, koma mkati mwa zinzake imakhala pamalo pake. Yachinayi ndi ya solo, yokhala ndi delay.

Delay nayo ili ndi masamu ake. Gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo, mupeza kutalika kwa biti imodzi m'mamilisekondi. Pa 120 ndi 500. Mukatenga magawo atatu mwa anayi a nambalayo, 375, mawu obwerera amagwera pakati pa manotsi anu m'malo mogwera pamwamba pawo, ndipo gitala imodzi imamveka ngati awiri akusinja. Pa siteji sindiwerengera, ndimangogunda batani la tap tempo kanayi kuti kabokosika kadziwe liwiro la nyimbo, koma kudziwa nambalazo kumathandiza mukamva kuti china chake sichikugwirizana.

Chinthu china chimene chinanditayitsa milungu ingapo ndi malo a looper mumndandanda. Ikakhala kumapeto, pambuyo pa zosinthira zonse, imajambula mawu okonzedwa kale, ndipo mukasintha patch zojambulidwa zija sizisintha. Izi n'zimene mukufuna pa siteji. Koma pali msampha: ngati munajambula ndi reverb yaitali, mchira wake umadulidwa pamene mkombero ukulumikizana, ndipo anthu amamva msoko. Ine ndimajambula gawo loyamba louma, kapena ndimalola kuti lizungulire kachiwiri ndikujambulabe kuti mchira uja ukwere pamwamba pa chiyambi. Looper ikakhala koyambirira, imajambula gitala yosakonzedwa, ndipo chilichonse chimene mwatembenuza chimasintha mkombero wonse. Pa siteji zimenezi ndi ngozi. Mu situdiyo ndi chuma, monga ndifotokozere.

Ndisanafike kumeneko, za magetsi. Looper ya mtundu wangawu sisunga kanthu. Magetsi akaphethira ngakhale kamodzi, zonse zimene mwamanga zapita, ndipo mumatsala chiimire ndi gitala pamaso pa anthu. Zinandichitikira kawiri, kachiwiriko pomwe ankasintha kuchoka ku magetsi kupita ku jenereta. Kuyambira pamenepo ndimayendetsa kabokosika ndi mabatire anayi a AA otchajanso. Sipika ikazima, mkombero umapitirira mwakachetechete m'kati, ndipo mphamvu ikabwerera nyimbo imatulukira pamene ili, ngati sitima yotuluka m'phanga. Mabatire anathetsanso kulira kwina kumene kunkandisowetsa mtendere, kwa "mmmm" kosalekeza. Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo noti ya G yapansi pa besi ili pa 49 Hz, ndiye kulirako kumakhala ngati woyimba wina wosaitanidwa amene gitala yake sinachunidwe bwino. Ndi looper zimaipiraipira, chifukwa gawo lililonse limene mwawonjezera limabwera ndi kulira kwake, ndipo magawo anayi ndi kulira kunayi. Noise gate, yotseka phokoso gitala ikakhala chete, imathandiza, koma kuchotsa gwero lake n'kwabwino kuposa kulibisa. Chimodzimodzinso maiki: mukajambula mawu apakamwa sipika ya monitor, imene woyimba amadzimverapo, ili pafupi, maikiyo imatolanso mkombero womwewo n'kuubwezera m'kati, ndipo pang'onopang'ono nyimbo imachita chifunga.

Ku situdiyo ndinalowa mwangozi. Mnzanga wina ali ndi kachipinda kojambulira kuseri kwa nyumba ya makolo ake, makoma ake omata matileyi a mazira ndi matiresi akale, kompyuta yokhala ndi pulogalamu yokonzera nyimbo ya FL Studio ndi kabokosi kolowetsera mawu ka mabowo awiri. Anapeza ntchito yokonza sewero la pa wailesi, ndipo panali gawo limene munthu akudutsa pafupi ndi manda usiku. Mawu a pa intaneti amene anapeza anali a akadzidzi a ku Ulaya ndi mphepo ya chipale. "Aise," anatero, "zimenezi ngakhale mwana saopa. Tabwera ndi kachitsulo kako kaja."

Kumeneko kabokosi kanga kaja kanasanduka chida china. Pa siteji ndimasankha zonse nthawi isanakwane, ndipo cholakwa ndi mdani. Mu situdiyo ndimachedwetsa kusankha mmene ndingathere, ndipo zolakwa ndi zimene ndikusaka. Ndinaika looper koyambirira, ndinajambula masekondi khumi a supuni ikukhuzidwa pa mawaya, ndinaika gitala pansi, n'kukhala pamkeka ndi manja onse awiri pa timabatani. Mkombero ukuzungulira, ine ndikusintha zosinthira chimodzichimodzi, mnzanga akujambula chilichonse osaimitsa. Chule uja amene ndinkamuthawa pa besi, tinamuitana dala: ndinapatsa octave mawaya atatu nthawi imodzi, ndinatsitsa kawiri, ndinathira reverb yaitali, ndipo chinatuluka ndi chinthu chopuma movutikira chimene sindingachitchule dzina. Mphepo tinaipanga pomenya waya voliyumu ili yotseka, kenako n'kuitsegula pang'onopang'ono ndi pedulo, kuti kugunda kwa chala kusamveke, kungotsala mawu otuluka mumdima. Ndikatembenuza nthawi ya delay mawu akubwerera kale, ankapindika kukwera ndi kutsika ngati kaseti yodyedwa ndi wailesi.

Kaseweredwe kameneka ndi ka anthu a dub, mtundu wina wa reggae, ku Jamaica. King Tubby ndi Lee Perry, m'zaka za m'ma 1970 ku Kingston, ankatenga nyimbo yojambulidwa kale n'kumayimba ndi makina osakanizira ngati chida, ndipo Perry ankakonda Roland Space Echo, makina a tepi amene anatuluka mu 1974. Ife okulira m'dziko lokonda reggae mawu amenewo tinawamva kambirimbiri, koma ambiri sitinadziwe kuti kuli munthu amene dzanja lake lili pa batani, akukweza mawu obwerera mpaka atatsala pang'ono kulusa, kenako n'kuwabweza.

Sitinalekere pa gitala. Tinadutsitsamo chitini cha mkaka chokhala ndi nyemba, chitseko cha bafa cholira, ndi mpando wachitsulo ukukokedwa pa simenti. Apa pali kanthu kofunika kudziwa: bowo lolowetsera gitala pa kabokosika silinapangidwire maiki, choncho mukalumikiza mwachindunji mawu amabwera ofooka ndi aphokoso. Njira yabwino ndi kujambula kaye mu kompyuta ndi maiki, kenako kutulutsa mawuwo, mutawatsitsa mphamvu, kupita m'kabokosi, n'kujambulanso zotulukazo pa mzere wina. Mukatero mumakhala ndi ziwiri, zouma ndi zokonzedwa, ndipo mawa mukadzuka n'kupeza kuti reverb ya dzulo inachuluka, simuyambiranso. Laputopu tinkaichotsa ku chaja pojambula, chifukwa chajacho chinkabweretsa kulira kwakekwake.

Wina anganene kuti zonsezi pulogalamu ya pa kompyuta imachita, mwinanso bwino kuposa kabokosi kotchipa, ndipo sindingatsutse. Reverb ya m'kabokosi kanga ndi yachitsulochitsulo mukaiyerekeza ndi za mu kompyuta. Koma ndi mbewa ya kompyuta mumasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, mukuyang'ana pa sikirini. Ndi kabokosi muli ndi manja awiri ndi phazi, maso ali otseka, ndipo zimene mwachita simungazibwereze ndendende. Pa mphindi 40 zimene tinajambula usiku umenewo tinagwiritsa ntchito masekondi osakwana 50, ndipo abwino kwambiri anali pamene chigongono changa chinagunda batani mwangozi.

Seweroli litaulutsidwa, mayi ake a mnzanga uja anamufunsa ngati tinapitadi kumanda usiku ndi maiki, ndipo anamuchenjeza kuti asadzachitenso. Sitinawauze kuti inali supuni ya m'khitchini mwawo.

Mwezi wathawu ndinayimbanso pa chinkhoswe ku Ndirande, ndipo pakati pa anthu ndinaona duku lofiira lija. Sindikudziwa ngati anandikumbukira. Ndinayala ng'oma, besi ndi makodi, ndinasiya mipata, ndipo ndinayang'ana mapazi awo m'malo moyang'ana zala zanga. Mkombero unazungulira kasanu, kakhumi, iwo akuvina osaphonya. Nyimbo itatha anadutsa pafupi, anaponya K500 m'mbale imene inali pambali pa kabokosi, n'kufunsa mnyamata wa zokuzira mawu kuti anzanga a bandi akhala kuti, kuti nawonso apatsidwe chakudya.